Mlambe unawoloka bwanji nyanja?

aJere (Mtenguleni):
Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Funso langa lipite kwa inu a masukulu. Mdzukulu wanga wa ku Lusaka wanditumizira nkhani yoti mlambe si wathu, akuti kwawo ndi ku Madagascar, kuno unachita kubwera powoloka nyanja yamchere. Mlambe womwewu wadzaza chigwa cha Luangwa, umene malambe ake ana amagulitsa m'mbali mwa msewu wa ku Mfuwe. Mtengo miyendo ulibe, mapiko ulibe, bwato ulibe. Mawa mudzatiuza kuti nsima nayo ndi ya eni ake.

Yobe:
Ya nsima musaiyambe atate, mudzagona ndi njala. Chimanga kwawo ndi ku Mexico 😂

aJere:
Iwe Yobe, ndafunsa a masukulu.

Mabvuto (Kitwe):
Agogo, mdzukulu wanuyo sanakunamizeni. Padziko lonse milambe ilipo mitundu 8. Mitundu 6 ili ku Madagascar kokha, umodzi ndi wathu uno, wina uli ku Australia m'dera la Kimberley. Mu 2024 ofufuza a ku China, Britain ndi Madagascar anatulutsa zimene anapeza atayerekeza DNA (chizindikiro cha chibadwa chimene chamoyo chimatengera kwa makolo ake) ya mitundu yonseyi. Tsinde la banjali linaloza ku Madagascar, ndipo nthambi zake zinayamba kugawikana zaka pafupifupi 21 miliyoni zapitazo. Chinawoloka si mtengo ayi, ndi dambe. Chigoba chake n'cholimba, m'kati mwake ndi mouma, likagwera m'madzi limayandama. Pamene Madagascar yayandikana kwambiri ndi Mozambique pali makilomita 400 ndi kanthu.

aJere:
Nanga si paja munatiuza kuti kalekale maiko onsewa anali ogundana? Bwanji osangoti dziko linang'ambika, milambe ina inatsalira uku, ina uko?

Mabvuto:
Chimene chikukana pamenepo ndi zaka, agogo. Madagascar inapatukana ndi Africa zaka zoposa 150 miliyoni zapitazo. Nthawi imeneyo mlambe kunalibe. Pamene unkayamba, nyanja inali kale pakati, ndiye njira inali imodzi basi, ya pamadzi.

Madamu Sakala (Chipata):
Mabvuto wakhudza chinthu chimene ana anga a giredi 12 amasokoneza chaka ndi chaka. Zilumba zili mitundu iwiri. Zina ndi zibenthu za dziko lalikulu, zinachoka zitanyamula dothi ndi zomera zake, monga Madagascar ndi Socotra ya ku Yemen. Zina sizinagundanepo ndi dziko lililonse. Phiri la moto linaphulika pansi pa nyanja, chiphalaphala n'kumaunjikana mpaka mutu unatulukira pamwamba pa madzi. Hawaii, Galápagos, St Helena, Mauritius ndi Réunion zinabadwa choncho, thanthwe lakuda lotentha, lopanda ngakhale kaudzu. Chilichonse chomera pamenepo, kholo lake linachita kufika.

Ndiye aJere, ngati makilomita 400 akukudabwitsani, Hawaii ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 3,800 kuchokera ku California. Koma kuli mitundu ya zomera za maluwa pafupifupi 1,000 ya komweko, ndipo 9 mwa 10 iliyonse simungaipeze kwina kulikonse padziko.

Amake Taonga (Katete):
Za ma DNA kambanani nokha, koma zoyandama ine ndimaziona. Mvula ikachuluka, zikho zouma zimene tinasiya kudimba zimapita ndi madzi. Chaka chinacho umakapeza mphonda zitayanga pamchenga kutali kumunsi, pomwe palibe anabzala. Timangothyola, mwini palibe.

Mabvuto:
Amayi, chitsanzo chanucho ndi chachikulu kuposa mmene mukuganizira. Mphonda kwawo ndi kuno ku Africa, koma ofukula zakale anapeza zikho ku America za zaka pafupifupi 10,000, azungu asanalote n'komwe zopita kumeneko. Mu 2014 DNA inaonetsa kuti zikho zakalezo abale ake enieni ndi a kuno. Zinawoloka Atlantic zokha. Kale m'ma 1950 anthu ena anayesa kuviika zikho m'madzi a m'nyanja, zinayandama miyezi yoposa 7, ataziswa nthanga zake zinamera.

Amake Taonga:
Ndiye ife tinawapatsa chikho, iwo anatipatsa chimanga. Palibe ngongole.

aMwale (Mfuwe):
Ndiwonjezeko zimene timaona kuno ku chigwa. Luangwa akadzaza mwezi wa Febuluwale amagumula gombe, mtengo wathunthu umagwera m'madzi ndi mizu yake, dothi lili pomwepo, udzu uli pomwepo, nthawi zina ndi buluzi wake yemwe. Lero damu la Cahora Bassa limatsekereza, koma kale wotero unkatsika ndi Zambezi mpaka kunyanja. Ndipo kumbukirani namondwe Freddy wa 2023. Anayambira kufupi ndi Australia, anadutsa nyanja yonse ya Indian, anatha mwezi ndi masiku asanafooke. Mitengo imene anazula ku Malawi ndi ku Mozambique inathera kuti?

Komabe ine ndimaika mtima kwambiri pa mbalame. Nyengo ya inswa timalandira tiakabawi totchedwa Amur falcon. Timachokera ku Siberia ndi kumpoto kwa China, timadutsa India, kenaka timawoloka nyanja mpaka ku Africa osatera. Ku Hawaii nako kuli kambalame kotchedwa kōlea, kamachoka ku Alaska n'kuuluka masiku atatu kapena anayi pamwamba pa madzi okhaokha. Mbalame imanyamula mbewu m'mimba, m'nthenga ndi m'matope a kumapazi. Taonani kachere amene amamera pamwamba pa mtengo wina. Anakwera ndani kukabzala? Ndi chitosi.

aBanda (mkulu wa mpingo, Sinda):
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Anzanga, tisaiwale kuti analenga zonsezi alipo. Iye amene anaika mlambe ku Luangwa sangalephere kuika wina ku Madagascar. Zaka mamiliyoni mukutchulazi, anaziwerenga ndani?

Madamu Sakala:
Abusa athu aBanda, za amene analenga sindikutsutsani, Lamulungu tonse tili m'tchalitchi. Pano tikungofunsa njira imene mbewu inayenda. Ndipo funso limeneli lili ndi ubwino wake, munthu atha kuliyesa m'khitchini.

Charles Darwin, katswiri wa zachilengedwe, anachita zomwezo kunyumba kwake ku England kuyambira 1855. Mnzake Joseph Hooker, katswiri wa zomera, ankaona kuti madzi amchere angaphe mbewu, kotero payenera kuti kale panali mitunda yolumikiza zilumba imene inamira. Darwin anasungunula mchere m'mabotolo, n'kuthiramo mbewu za m'dimba. Mwa mitundu 87, mitundu 64 inamera itakhala m'madzimo masiku 28. Vuto linali lakuti zambiri zinkamira, ndiye anayesanso ndi nthambi zouma zokhala ndi zipatso zake, ndipo zina zinayandama nthawi yaitali.

Chimene chimandisangalatsa ine ndi cha matope. Anatapa masipuni atatu a matope m'mphepete mwa dziwe, anawaika m'kapu, n'kumazula kalikonse komera ndi kukawerenga kwa miyezi 6. Zinakwana 537. M'kapu imodzi! Wina anamutumizira mwendo wa nkhwali wokhala ndi chibuma cha dothi louma, m'chibumacho munamera zomera 82. Chaka chilichonse ndimauza ana atape matope a kudambo aike m'chitini pawindo la kalasi. Pakatha masabata awiri amasiya kunditsutsa.

aBanda:
Ya matope ndaimva. Ya mamiliyoni ndiisiya kaye pamenepo.

Yobe:
Manje alipo anaonapo ndi maso chilumba chatsopano chikumera udzu? Kapena zonse ndi za m'botolo?

Mabvuto:
Alipo achimwene, kawiri konse. Krakatau wa ku Indonesia anaphulika mu 1883, phulusa lotentha linakwirira chilichonse. Mu 1886 katswiri wa zomera Melchior Treub atapitako anapeza zomera zayamba kale, makamaka ma fern, zija zomera m'mbali mwa mitsinje zopanda maluwa, zobala ndi kafumbi ka pansi pa tsamba. Kafumbiko kamauluka ndi mphepo. Patapita zaka 50 panali nkhalango.

Chachiwiri ndi Surtsey, kum'mwera kwa Iceland. Chinatuluka m'nyanja mu Novembala 1963 anthu akuona. Boma linaletsa aliyense kupondapo kupatula ofufuza. Chomera choyamba chinapezeka pagombe mu 1965, mbewu yake inabwera ndi mafunde. Zaka 20 zoyamba zinthu zinkayenda pang'onopang'ono. Cha m'ma 1985 mbalame za kunyanja zinayamba kumanga zisa zambirimbiri pamenepo, ndiye mitundu ya zomera inachuluka msanga, chifukwa mbalamezo zinabweretsa mbewu ndi manyowa omwe.

Ndipo mu 1969 anapezapo chomera chachilendo chimene chinawazunguza mutu. Atachiyang'anitsitsa, anali matimati. Atafukula pansi pake anapeza kuti munthu wina anadzithandiza pamenepo.

Yobe:
🤣🤣🤣 Ofufuza nawonso! Ndiye anadya matimatiwo?

Mabvuto:
Anazula n'kuchotsa zonse, ndi manyowa omwe.

aJere:
Chabwino. Koma Surtsey yanuyo ili pafupi ndi dziko. Ine ndikukamba za uko kwa makilomita 3,800. Mbalame idye mbewu, isaitaye panjira, isafe, ifike pakachilumba pakati pa nyanja yonseyo, chitosi chigwere padothi osati pamwala, mvula igwe, chimere, chipeze chinzake chobala nacho. Mwayi wotere ulipo?

Madamu Sakala:
Ndi wochepadi aJere, ndipo mwafotokoza bwino kuposa buku. Koma tiyeni tiwerenge. Mitundu 1,000 ija ya ku Hawaii, akatswiri atailondola anapeza kuti inachokera kwa makolo osakwana 300. Chilumba chakale mwa zikuluzikulu za kumeneko, Kauai, chili ndi zaka pafupifupi 5 miliyoni. Gawani. Mupeza kuti pamafunika mbewu imodzi yokha yopambana pa zaka zoposa 16,000. Zina zonse, mamiliyoni osawerengeka, zinamira kapena kuuma pathanthwe. Ife timaona zopulumuka zokha, n'chifukwa chake zimaoneka ngati matsenga. Sherwin Carlquist, amene anathera moyo wake pa zomera za pazilumba, anawerengera kuti pafupifupi atatu mwa makolo anayi alionse anafika ndi mbalame.

Mabvuto:
Ndipo pali ulendo wina woposa pamenepo. Ku Hawaii kuli mtengo wa matabwa wotchedwa koa. Ku Réunion, kum'mawa kwa Madagascar, kumapiri kuli mtengo wofanana nawo kwambiri. Mu 2014 ofufuza otsogozedwa ndi Johannes Le Roux wa ku Stellenbosch anapeza kuti wa ku Réunion ndi mwana wa koa weniweni. Mtunda wake makilomita 18,000, ulendo umodzi, zaka pafupifupi 1.4 miliyoni zapitazo. Mitengo yonse iwiri ndi ya kumapiri, si ya pagombe, ndiye akuloza mbalame za kunyanja zimene zimakumba zisa m'mapiri.

Amake Taonga:
Apa pali pomwe ndatayika. Mwati makolo 300, mitundu 1,000. Enawo achokera kuti?

Madamu Sakala:
Amake Taonga, mwafika pamtima pa nkhani. Ndikuyankheni ndi ndiwo ya m'munda mwanu, chisoso. Mukudziwa mmene njere zake zimakakamirira pa chitenje, tija timinga tiwiri kapena titatu kumutu kwake. Wachibale wa chisoso anafika ku Hawaii kamodzi, kuchokera ku America, mosakayikira atakakamira pa nthenga. Atafika anapeza malo ali mbee, opanda opikisana naye. Ana ake ena anakwera kuphiri kozizira, ena anatsikira kugombe kouma, ena analowa m'nkhalango ya mvula, ena anawolokera pachilumba china. Gulu lililonse linkabalana lokhalokha, ndipo pamalo alionse zopulumuka zinali zogwirizana ndi malowo. Lero pali mitundu 19 ya chisoso cha ku Hawaii. Ina ndi zitsamba za tsinde lolimba zotalika kuposa munthu, ina imayanga pansi. Eni dziko amazitcha ko'oko'olau, masamba ake amaphika tiyi.

Tsono mvetserani ichi. Mitundu yambiri mwa imeneyi timinga tija tinafupika, ina tinatheratu. Chida chomwe chinabweretsa kholo lawo, ana anachitaya. Chifukwa chake n'chosavuta. Pachilumba, njere yokakamira mbalame kapena youluka kwambiri ndi mphepo imakathera m'nyanja. Yogwera pafupi ndi make ndiyo imamera. Komanso nyama zaubweya zoti ikakamire kunalibe, nyama yoyamwitsa ya pamtunda inali mleme basi. Mibadwomibadwo, zoyenda zinatha, zokhala zinatsala.

Amake Taonga:
Ndiye ndi mkamwini ameneyo. Anabwera pa njinga kudzafunsira, atapatsidwa munda ndi nyumba anagulitsa njinga. Tsiku lomuthamangitsa alibe chokwera.

aMwale:
Kikiki amayi mwalasa. Ndipo sikuti ndi zoyendera zokha zimene zimatayika. Kuno ku chigwa mtengo uliwonse uli ndi chodzitetezera, minga, kuwawa, utomoni, chifukwa njovu, nyamalikiti ndi nswala sizigona. Kumene kulibe zodya masamba, minga ndi ntchito yotaya mphamvu chabe.

Mabvuto:
Zoona amalume. Ku Hawaii kuli māmaki, wa banja la zitsamba zoyabwa, koma iye sayabwa. Kuli abale a timbewu tonunkhira ta mint amene fungo linatha. Chinanso n'chakuti tizitsamba timasanduka mitengo. Ku Galápagos kuli nkhalango za Scalesia, mitengo yeniyeni, koma banja lake ndi la mpendadzuwa ndi chisoso chomwechi. Ku St Helena n'chimodzimodzi. Ndipo silversword wa pa phiri la Haleakalā, wa masamba onyezimira ngati siliva amene amakhala zaka makumi, kuchita maluwa kamodzi n'kufa, kholo lake linali kachitsamba ka njere zomata ka ku California. Kuchokera pa kamodziko panatuluka mitundu pafupifupi 30, ina mitengo, ina zoyanga.

Esinati (Mahé, Seychelles):
Pepani ndachedwa, ndinali kuchonga mayeso. Moni atate aJere, moni nonse kumudzi. Ine ndikuphunzitsa kuno ku Seychelles, ndiye ndikuuzeni za chomera chimene chinakana kuyenda mpaka mapeto.

Pa chilumba cha Praslin pali chigwa chotchedwa Vallée de Mai. Ukalowamo masana kumachita mdima, chifukwa pamwamba patsekedwa ndi masamba a mgwalangwa wotchedwa coco de mer. Tsamba limodzi likhoza kufolera kakhitchini. Mphepo ikawomba masambawo amagundana kuti gwa gwa gwa, mwana wina wa m'kalasi mwanga anathawa kuyesa mtengo ukugwa. Njere yake ndiyo yaikulu kuposa zonse padziko, imatha kupitirira makilogalamu 15. Anandipatsa kuti ndinyamule, ndinachita kuikumbatira ndi manja awiri. Maonekedwe ake ndisanene pagulu la akulu, ingodziwani kuti chidindo chimene amadinda m'pasipoti ukafika kuno chili ndi chithunzi chake. Chipatso chimatenga zaka 6 kapena 7 kuti chikhwime. Mtengo wamphongo ndi wosiyana ndi wathazi. Mwachilengedwe umamera pa zilumba ziwiri zokha, Praslin ndi Curieuse.

Njere yamoyo ukaiponya m'nyanja imamira. Zimene zimayandama ndi zoola m'kati. Kale zoterozo zinkakocheza ku Maldives, anthu osadziwa kumene zachokera, n'kumati mtengo wake uli pansi pa nyanja. Mafumu ankazigula ndi chuma chambiri mpaka Afalansa anapeza mitengoyo m'zaka za m'ma 1700.

aJere:
Moni mwanangu. Tsono ngati imamira, inafikako bwanji? Apa ndakugwirani nonse.

Esinati:
Siinafike atate, inatsalira. Mahé ndi Praslin si za phiri la moto, ndi miyala ya granite yonga ya m'mapiri a kwathu ku Chipata, chibenthu chimene chinapatukana ndi India zaka pafupifupi 65 miliyoni zapitazo. Ndi mtundu woyamba uja ananena Madamu Sakala. Abale ake ndi migwalangwa imene aMwale amaiona tsiku ndi tsiku ku Luangwa. Kukula kwa njere kunadza pambuyo. Dothi la kuno ndi losauka, njere imagwera pansi pa make mumthunzi, ndiye yopulumuka ndi yokhala ndi kamba wambiri. Ndipo make amaithandiza. Mvula ikagwa masamba aja amatunga madzi n'kuwatsetserekera kutsinde, pamodzi ndi zitosi ndi zinyalala zonse za pamwamba. Ndinaima pansi pake mvula ikugwa, panja pouma ndithu, madzi onse akutsika ndi thunthu.

aBanda, iyi ndi yanu. Mkulu wa asilikali a Britain, Charles Gordon, anafika m'chigwachi mu 1881 ndipo anatsimikiza mtima kuti wapeza munda wa Edeni, coco de mer ndiwo mtengo woletsedwa uja.

aBanda:
Ameneyo anali ndi maganizo ake. Chipatso cha makilogalamu 15 Hava akanachithyola bwanji?

Esinati:
😂 Chinanso cha aMwale. Pa tizilumba ta mbalame monga Cousin pali mtengo wa Pisonia, njere zake zili ndi ulimbo weniweni. Zimamata pa nthenga kuti zikafike chilumba china. Koma zikamata zambiri mbalame imalephera kuuluka, imafera pansi pa mtengo. Osamalira chilumbacho amayenda akutola mbalamezo n'kumazichotsa njere imodziimodzi.

Yobe:
Ine ndinaona pa Facebook ati ku Mauritius kuli mtengo umene unaleka kubala chifera mbalame ija dodo. Ati njere sizimera popanda kudutsa m'mimba mwake.

Mabvuto:
Imeneyo inafala kwambiri koma inagwa, achimwene. Mtengowo ndi tambalacoque. Stanley Temple ndiye analemba zimenezo mu 1977, atadyetsa njere zake nkhukundembo, zina n'kumera. Pambuyo pake anthu anapeza mitengo ing'onoing'ono m'nkhalango, yomera dodo atatha kalekale, ndipo njere zimamera popanda mbalame. Zimene zikuupha ndi anyani, nkhumba ndi agwape obwera ndi anthu, komanso zitsamba zachilendo zopanikiza mbande.

Madamu Sakala:
Ndipo apa ndi pamene nkhani imawawa. Chomera chija chataya minga, chataya kuwawa, njere zake sizipita patali, dziko lake lonse ndi chigwa chimodzi. Kenaka pafika sitima n'kutsitsa mbuzi.

St Helena ili pakati pa Atlantic, makilomita pafupifupi 1,900 kuchokera ku gombe la Angola. Apwitikizi anaipeza mu 1502 ili ndi nkhalango, posakhalitsa anasiyapo mbuzi kuti amalinyero azipeza nyama. Mbuzi zinaswana kukhala zikwizikwi, zinadya mbande zonse, mitengo ikuluikulu ikafa panalibe yolowa m'malo. Dothi linakokoloka, mbali yaikulu ya chilumba inasanduka chipululu. Mtengo wawo wa ebony unayesedwa wotha kwa zaka zoposa 100. Mu 1980 anaona tiwiri chabe titakakamira paphompho pomwe mbuzi sinkafika. Munthu anatsika ndi chingwe, nyanja ili pansi, kukadula tinthambi. Zonse zimene zilipo lero zinachokera pamenepo. Koma mtengo wina wotchedwa St Helena olive sunapulumuke. Wa m'tchire womaliza anafa mu 1994, wobzalidwa womaliza anafa mu 2003. Analibe mbale wina wa mtundu wake padziko.

aJere:
St Helena ndikuidziwa ine. Anthu amangotchula Napoleon, koma Angerezi anakatsekeranso kumeneko Dinuzulu mwana wa Cetshwayo, inkosi ya Azulu, kuyambira 1890 mpaka 1897. Magazi amodzi ndi ife a Zwangendaba. Ndiye anakapeza chilumba chitadyedwa kale ndi mbuzi.

Amake Taonga:
Imani kaye. Mbuzi mwaiimba mlandu wonse ngati inakwera yokha sitima. Ine mbuzi zanga ndi zimene zikuphunzitsa Taonga. Nkhuni ankadula ndani? Mbuzi ili ndi nkhwangwa?

Madamu Sakala:
Mwanena zoona mayi. Anthu ankadula mitengo ya nkhuni, ankasenda makungwa ofufutira zikopa, ebony ankawotchera laimu. Pambuyo pake anadzaza mapiri ndi chomera cha ku New Zealand chopangira zingwe, chimene mpaka lero akulimbana nacho. Koma kusiyana kwake n'kwakuti mitengo ya ku Katete inakulira limodzi ndi zodya masamba. Mbuzi yanu ikabudula msekese, umaphukanso. Ya ku St Helena inali isanaonepo dzino.

aMwale:
Ndipo ife tisamaone ngati n'za kutali. Nsonga za mapiri nazo ndi zilumba, kungoti chozungulira si madzi, ndi dziko lotentha limene zomera za pamwamba sizingadutse. Mkungudza wa pa Mulanje mwachilengedwe kwawo ndi phiri limodzi lija basi, ndipo macheka ndi moto zatsala pang'ono kuumaliza. Ku Nyika kuli maluwa amene pansi pano sangamere. Pamene lantana, amene anabwera ngati duwa la pabwalo kuchokera ku America, mbalame zomwe tikuzitamazi zamufesa m'madambo monse.

Madamu Sakala:
Ndikupatseni imodzi imene ndimaikonda chifukwa ndi ya mphunzitsi mnzanga. Rodrigues ndi kachilumba ka Mauritius, kum'mawa kwake. Kunali kamtengo ka banja la khofi kotchedwa café marron, ka maluwa oyera, kamene akatswiri anali atakalemba kuti kanatha. Cha m'ma 1980 mphunzitsi wina anaonetsa ana chithunzi chake chojambula pamanja, n'kuwatuma akabweretse masamba a zomera za kwawo. Mnyamata wina anabwera ndi nthambi yothyola m'mbali mwa msewu. Kanali komweko, kamodzi kokha padziko lonse, mbuzi zitakabudulabudula.

Mbiri itamveka, anthu anati kamtengo kosowa chotere kayenera kukhala mankhwala amphamvu. Anayamba kukathyola usiku, wina tsamba, wina khungwa. Boma linamanga mpanda, anthu anadula. Linamanga wina kunja kwa woyambawo, anadulanso, mpaka mipanda inasanjikizana ndi mlonda yemwe. Mu 1986 tinthambi tinatumizidwa ku Kew Gardens, munda wosungirako zomera wa ku London. Kamodzi kanagwira, anakachulukitsa, kankachita maluwa chaka chonse koma osabala njere, chifukwa mitengo yonseyo inali thupi limodzi ndipo sikadzibereketsa kokha. Njere zinadzapezeka mu 2003, wolima wa kumeneko Carlos Magdalena atayesa njira zosiyanasiyana. Mbande zina zinabwezedwa ku Rodrigues.

aBanda:
Othyolawo musawaweruze msanga. Mwana akadwala usiku, chipatala chili kutali, munthu amagwira chimene wamva kuti chithandiza.

Madamu Sakala:
Sindikuwaweruza abambo. Koma kamtengoko kasanatchuke kanali m'mbali mwa msewu zaka zonsezo, anthu akungokadutsa. Chinakoka mipeni ndi mpanda.

aMwale:
N'chifukwa chake ife tikapeza chisa cha mbalame yosowa sitiika pa Facebook malo ake.

Amake Taonga:
aEsinati, mukamabwera pa Khirisimasi mundinyamulireko njere imodzi ya mgwalangwa wanuwo. Kudimba kwanga madzi sauma, ndiika mpanda wa minga mbuzi zisafike.

Esinati:
Amayi, ndingamangidwe pa eyapoti. Iliyonse yogulitsidwa imakhala ndi nambala yake ndi chikalata cha boma, ndipo mtengo wake malipiro anga a mwezi angalire. Komanso asanaigulitse amaicheka n'kukombamo zam'kati zonse, kenaka n'kuimatanso. Imene ingafike ku Katete ndi chigoba chabe, singamere.

Yobe:
Bweretsani chigobacho, tizimweramo thobwa pa Nc'wala.